Alawe Kaye Wothirayo

Olipa anali atakonza kale zonse m'mutu mwake, ndipo m'mutumo zinkayenda bwino zedi. Amalume ake, a Overstone, alowa m'bala ya Chiairishi ya ku Rockingham, bwenzi lake Chomba awalandira atavala shati yake yakuda yopinda manja ija, awathirira mowa, iwo alawa, aseka, kenako potuluka anena kuti, "Mnyamata ameneyu ndi munthu." Basi, mawu okhawo. Sabata yotsatirayo a Overstone anali pa ulendo wa ku Malawi kukadya Khirisimasi, ndipo akanakafika ku Kawale n'kukauza mayi ake a Olipa kuti mwana wanu uja wapeza munthu, tiyambe kukamba za chinkhoswe. Nkhani yotere pabanja pawo siinkanenedwa pa foni, ndipo mtsikana sankainena yekha. Woinena ankakhala malume, maso ndi maso. Akapita osavomera ndiye kuti kudikira chaka china chathunthu, ndipo kwa Olipa chaka chinali ngati moyo wonse.

Olipa anabwera ku Perth ali kamtsikana ka Fomu 1, ndipo anakulira m'nyumba ya a Overstone, amene ankawotcherera mapaipi ku mafakitale a ku Kwinana. Chomba anali wa ku Lusaka. Masana ankaphunzira zamagetsi, nthawi yotsalayo ankathira mowa m'bala ija. Anakumana m'sitima, tsiku limene Olipa ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo mnyamata wa pampando wakutsogolo anacheuka n'kumulandira ndi besi. Kuyambira pamenepo Olipa sanafunenso kumva za munthu wina.

Linali Lamulungu masana, dzuwa la Disembala likuswa mtengo. Eni bala anali atakonza zoti anthu alawe mitundu itatu ya mowa wofululidwa ndi timakampani ting'onoting'ono ta ku Ireland. Mtundu uliwonse unkabwera pawiri, wa m'botolo ndi wa pampopi, wochokera m'migolo ya m'chipinda chozizira cha kuseri. Anthu alawe, ayerekeze, akangane. Olipa anaona kuti mwayi ndi womwewo, pakuti pa mowa amalume akewo ankadziyesa katswiri, ndipo Chomba akayamba kufotokoza za mowa nkhope yake inkawala.

Tebulo anasankha yekha Olipa, la pakona, pamene kuwala kwa pawindo kunkagwera bwino ngati m'chithunzi. Sanaganize n'komwe zoti pakati pa tebulolo ndi mipopi panali chipilala chachikulu cha njerwa.

A Overstone anabwera atavala jekete, kutentha konseko. Anakhala pansi, n'kuyang'ana denga, makoma, ndi azungu a ndevu amene ankanunkhiza matambula awo asanamwe.

"Mwabwela ba malume. Muli bwanji?" anatero Chomba m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, atanyonyomala pang'ono, manja ali pamodzi.

"Tili bwino, kaya inu achimwene? Ndamva kuti ndinu a ku Zambia."

"Ee, ku Chilenje."

"Ndiye munaoloka nyanja zonse zija kudzathirira anthu mowa?"

"Akuphunzira zamagetsi, amalume," anatero Olipa mofulumira.

"Ndafunsa iwe?"

Chomba anangomwetulira n'kupita kukatenga mowa woyamba.

Unali wotuwa, wa ku Donegal. Chomba anabwera ndi botolo ndi matambula awiri, lina lopanda kanthu, lina lodzaza kale ndi wa pampopi. Botolo analitsegulira patebulo pomwepo, psss, a Overstone akuyang'anitsitsa chitsekerero mpaka chinagwa. Anakana tambula. Anatenga botololo, n'kupukuta kukamwa kwake ndi chikhatho, n'kumwa.

"Iii! Ukuwawa ngati munthu watafuna khoko la lalanje."

"Ndiye mwamene ulili ba malume, mwaumva bwino maningi!" anatero Chomba mosangalala. "Manje lawani uyu wa pampopi muone kusiyana. Ni mowa umodzi, koma uyu mpweya ni wochepa, suluma pa lilime, na fungo imamveka bwino."

A Overstone analikankha tambulalo ndi chala chimodzi mpaka pakati pa tebulo.

"Umenewu ndiuona kaye."

Wachiwiri unali wofiira, wa ku Galway. Umenewu Olipa ankaudziwa, ngakhale kuti pamaso pa amalume ake anali atagwira chakumwa cha mandimu ngati mwana wa Sande sukulu. Anaulawapo tsiku lina Chomba ali pa tchuthi, atakhala awiriwiri pa udzu wa m'mbali mwa gombe, ndipo mpaka lero akaukumbukira ankamva kukoma kwa tsiku limenelo pakhosi. Anadziwa kuti apa pokha amalume agonja.

A Overstone anamwa wa m'botolo n'kutseka maso.

"Uwu ndiye mowa. Ukumveka ngati shuga wopserera pansi pa poto."

"Wa pampopi ni wopambana apo," anatero Chomba. "Ni wolemelela, umatsika mwaulemu."

Chala chija chinabweranso. Tambula lachiwiri linakaima pambali pa linzake, thovu likuphwa pang'onopang'ono. Chomba anayang'ana matambulawo, n'kuyang'ana Olipa, n'kubwerera ku kauntala. Kumbuyo kwa khosi lake kunali thukuta.

"Amalume, mukumuchititsa manyazi," ananong'ona Olipa, mtima ukuwira. "Tabwera kudzayerekeza. Muyerekeza bwanji mukumwa mbali imodzi?"

"Botolo lija latsegulidwa pamaso panga. Awa achokera kuti?"

"Pampopi!"

"Ndinawaona akuthiridwa? Ine ndikuona chipilala. Mowa ukutulukira kuseri kwa chipilala uli kale m'tambula, ndiye ine ndizingotsegula kukamwa ngati mwana wa mbalame?" A Overstone anawerama, n'kutsitsa mawu. "Mnzanga Melvin, ku Biwi, anamwa mowa wothiridwa kuseri. Munthu wamphamvu, wonyamula injini yekha. Anatupa mimba sabata yomweyo, tinakamusiya ku Dedza."

"Kuno ndi ku Perth, amalume."

"Mimba yanga ndi yomwe ija."

Olipa anafuna kukuwa. Munthu amene wakhala ku Australia zaka zonsezi, amene amadya nyama yowotchedwa ndi azungu a ku Kwinana osafunsa kuti yachokera kuti, amene amamwa khofi wotuluka m'makina a pa siteshoni, lero akuopa kuti Chomba, Chomba amene amapepesa ngakhale kwa chitseko akachigunda, amuthirira mankhwala mumowa! Ndipo amuthirire chifukwa chiyani? Kuti aphe munthu yekhayo amene angamutsegulire njira?

"Ndiye tiyeni mukaone," anatero. "Watsala umodzi, wakuda. Mukaime pa kauntala pomwepo, muone ndi maso anu."

A Overstone anaganiza kaye, kenako anadzuka n'kukonza jekete. Mtima wa Olipa unayambanso kuimba. Mowa wakudawo ndi umene Chomba ankaunyadira koposa, wa ku Cork, ndipo kathiridwe kake Olipa akanatha kukaonerera tsiku lonse osatopa.

Pa kauntala panali anthu ambiri, zigongono zili bwanyabwanya. Chomba atawaona anawongoka. Anatenga tambula lalikulu, n'kuliunika kuti a Overstone aone kuti ndi loyera, n'kulipendeketsa pansi pa mpopi. Mowa unatsika mwakachetechete, wabulauni ngati madzi a mtsinje wosefukira. Lisanadzaze anatseka mpopi n'kuliika pa kauntala. Umu ndi mmene mowa wakuda umathiridwira: umayenera kupuma kaye, thovu likwere, mowa ude, kenako n'kudzazitsa. Olipa anaona timafunde tating'onoting'ono tikutsetsereka m'kati mwa tambulalo, pansi pakuda bii, pamwamba pakuyera, ndipo anacheuka kuti aone ngati amalume ake akuona kukongolako.

Sankayang'ana mowa. Ankayang'ana msana wa Chomba, amene anali atatembenuka kukathandiza mayi wina ku mapeto a kauntala. Tambula linali lokha, losavundikira, pakati pa anthu achilendo. Mzungu wina wa ndevu zofiira anatambasula mkono pamwamba pake penipeni kuti atape mtedza m'mbale.

Chomba anabwerera, n'kudzazitsa tambulalo mosamala mpaka thovu linaima pamwamba ngati kachisoti, n'kulipereka ndi manja awiri.

A Overstone sanalandire.

"Munausiya wokha."

"Umafunika upumuleko ba malume. Ndiye mwamene bamathilila."

"Ndamva. Lawani."

"Ba malume?"

"Lawani kaye inu, ine ndimwe."

Chomba anayang'ana ku mapeto a bala, kumene manejala wake, mayi wa Chiairishi dzina lake Orla, ankafotokozera gulu lina za mowa wofiira uja.

"Ba malume, nili pa nchito," anatero chapansipansi. "Sitiloledwa olo pang'ono. Bakaniona ba manejala, nchito yasila."

"Kwathu wopereka mowa amayamba walawa yekha. Kwanu komwe ndi choncho, musandinamize."

"Ni zoona, koma kuno..."

"Ndiye vuto lili pati? Mukufuna ine ndikwere ndege, ndikagwade pamaso pa mlongo wanga, ndikamuuze kuti ndapeza munthu woti tim'patse mwana. Inu mukukana mlomo umodzi wa mowa umene mwathira nokha. Muli chiyani m'menemu chimene mukuchiopa?"

Tambula linali likadali m'manja mwa Chomba. Olipa anaona Khirisimasi ikudutsa, ndege ikunyamuka popanda dzina la Chomba, chaka china chokumana mobisa pa masiteshoni ngati akuba. Anayang'ana Orla. Orla anali atawapatsa nkhongo, akuseka ndi makasitomala.

"Imwa, Chomba," ananong'ona. "Pang'ono chabe. Sakuona."

Chomba anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anakweza tambulalo, n'kumwa kamodzi, n'kulipereka kwa a Overstone, amene tsopano analilandira ndi manja awiri.

Thovu ndi limene linamugulitsa. Linatsalira pa mlomo wake wa m'mwamba, loyera mbee pa nkhope yakuda, ndipo mzungu wa ndevu zofiira uja anaseka mokweza n'kuomba m'manja, kuyesa kuti ndi mbali ya chionetsero. Orla anacheuka. Anaona thovu pa mlomo wa wantchito wake, anaona kasitomala akumwera tambula lomwelo, ndipo kuseka kwake kunazima.

Anamukodola ndi chala. Analowa awiri pa kachitseko ka kuseri kwa kauntala. Olipa anaima pomwepo, ndipo kachitsekoko katatsegukanso anaona Chomba akumasula epuloni yake n'kuipinda bwinobwino, monga ankachitira ndi chilichonse.

Anathamangira Orla n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi, mawu akupunthwana. Anati ndi mwambo, anati ndi ulemu kwa wamkulu, anati wolakwa ndi iye, anati unali mlomo umodzi wokha. Orla anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo nkhope yake sinali yankhanza, chimene chinamupsetsa mtima Olipa koposa. Anayankha kuti wantchito samwa ali pa shifiti, ndipo kumwera m'tambula la kasitomala, bala itadzaza chonchi, ndi nkhani imene ingawabweretsere mavuto ndi a boma. Anati onse anawachenjeza, mwezi wathawu anachotsa mtsikana wina pa mlandu wocheperapo, ndiye sangakhululukire uyu chifukwa choti amamukonda. Anapepesa, n'kubwerera kwa makasitomala ake.

Mlomo umodzi! M'nyumba yodzaza ndi anthu amene anabwera kudzamwa, m'mene mowa unkatayikira pansi n'kupondedwa, munthu mmodzi yekha amene anamwa mosafuna ndiye anali wolakwa.

Olipa anabwerera ku tebulo la pakona maso akuwotcha. Anapeza a Overstone atavula jekete, atakhala motakasuka, tambula la mowa wakuda lili pakati, botolo la mowa womwewo lili pambali. Ankamwa uku, n'kumwa uku, akugwedeza mutu ngati woweruza.

"Khala pansi umve," anatero. "Mnyamata uja amanena zoona. Wa m'botolowu ukuluma, uli ngati khofi wopanda shuga, ndipo ukudzaza mpweya m'mimba. Koma wa pampopiwu, iwe! Ukutsetsereka ngati mkaka. Ungaganize kuti si mowa umodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzimana."

Ndipamene Olipa anaona matambula awiri aja, a mowa wotuwa ndi wofiira, amene anakankhidwa ndi chala. Onse anali opanda kanthu.

"Awa mwamwa?"

"Anali atatentha pang'ono, koma wofiirawu ngakhale choncho ukuposa wa m'botolo."

"Amenewatu sanalawe! Anathiridwa kuseri kwa chipilala!"

"Dzanja lake ndalidziwa tsopano."

Olipa anakoka mpando n'kukhala pansi.

"Amuchotsa ntchito, amalume."

A Overstone anaika tambula pansi.

"Chifukwa cha kamowa kaja?"

"Anakuuzani. Anakuuzani ndi pakamwa pake."

"Aa. Ndimayesa akungozemba." Anapukuta thovu pa ndevu zawo. "Zachisoni ndithu. Azungu awa alibe chifundo. Mnyamata waulemu ngati ameneyu, wodziwa mwambo. Ine ndamukonda, ndisakubisire."

Mtima wa Olipa unadumpha, wopusawo, unadumphabe.

"Ndiye mukawauza amayi?"

A Overstone anapumira m'mwamba.

"Taganiza, mwana iwe. Ndikafika ku Kawale, mayi ako akayamba ndi funso limodzi: amagwira ntchito yanji? Ndikayankhe kuti chiyani? Ndikaname? Ine sindingaperekeze mwana wa mlongo wanga kwa munthu wosagwira ntchito. Apeze kaye pogwira, akhazikike, ulendo winawo tidzakamba."

Kuyambira tsiku limene anatsika ndege, Olipa anali asanakwezepo mawu pamaso pa amalume ake. Ankawapatsa madzi atagwada, m'nyumba ya kapeti, anzake a kusukulu akumuseka. Koma apa mawu anatuluka okha, ndipo anthu a pa tebulo loyandikana anasiya kununkhiza matambula awo.

"Ntchitoyo anali nayo mmene timalowa muno! Mwaimwa ndinu! Mwaimwa, mwanyambita milomo, mwati ikutsetsereka ngati mkaka, ndiye mukuti apeze ina? Akanakana mukanati ndi mfiti. Wavomera, mukuti ndi lova. Ankayenera kutani kuti apambane, amalume? Ndiuzeni, ankayenera kutani?"

"Ukulankhula ndi ine choncho?"

"Ndikulankhula ndi inu."

"Anthu akutiyang'ana. Tenga makiyi, ukanditule kunyumba. Ine ndamwa, sindingayendetse. Tikakambirana ukazizira mutu."

Olipa anatenga makiyi a galimoto patebulo n'kuwaponya m'kachikwama kake.

"Basi yopita ku siteshoni imaima patsidya pa msewu," anatero. "Mukaonetsetse woyendetsayo, mwina nayenso ali ndi mankhwala."

Anatuluka osacheuka, ngakhale kuti anamva dzina lake likuitanidwa kawiri.

Anakamupeza Chomba kuseri kwa bala, pamene pankaunjikidwa migolo yotha mowa. Anali atakhala pa umodzi, padzuwa, akuyang'ana nsapato zake. Thovu lija anali atapukuta.

"Unakamba ati sakuona," anatero osadzutsa mutu.

Olipa anakhala pa mgolo wina, chitsulo chikumuwotcha kudzera m'diresi.

"Ba malume bakamba chani?"

"Akuti wa pampopi ndi wokoma kuposa wa m'botolo."

Chomba anaseka, kuseka kouma kopanda mano.

"Yonse itatu?"

"Yonse itatu."

"Ninabauza." Anatola kamwala n'kukaponya pa khoma. "Nanga vinangu vija?"

"Akuti akukonda. Akuti upeze kaye ntchito, adzakamba ulendo wina."

Chomba anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuona kuti mawuwo ndi omveka, ndipo zimenezi zinamuyatsanso moto Olipa. Aliyense lero anali ndi chifukwa chomveka. Orla anali ndi lamulo lake, amalume anali ndi mwambo wawo, ngakhale Chomba anali wokonzeka kupinda chaka chathunthu bwinobwino ngati epuloni n'kuchiika pambali. Olipa anatsegula kachikwama n'kutulutsa foni.

"Ufuna kuchita chani?"

"Ndikuimbira amayi."

"Iwe Olipa, awe. Si mwamene vimayendela. Ba malume bazakalipa, na bamai bako bazakamba ati ndine nakuphunzitsa mwano."

"Mwambo wadya ntchito yako lero. Wakhuta."

"Lindila chabe nipeze..."

"Sindidikira."

Ku Malawi kunali kukadali m'mawa, nthawi ya mapemphero. Foni inaitana kwa nthawi yaitali, Chomba atagwira mutu ndi manja onse awiri. Kenako kunamveka kwaya chapatali, ndi mawu a mayi ake akunong'ona mwamantha.

"Olipa? Kwagwanji? Ndili m'tchalitchi. Amalume ako ali bwino?"

"Ali bwino kwambiri, amayi. Tatulukani panja, ndili ndi nkhani."

Kunamveka phokoso la mabenchi, kupepesa, kenako kwaya inatalikira.

"Ndatuluka. Nena msanga, ukundiopsa."

Olipa anaimirira pakati pa migolo ija n'kugwira phewa la Chomba kuti asathawe.

"Amayi, ndapeza munthu. Dzina lake ndi Chomba, kwawo ndi ku Zambia, ndipo musavutike kufunsa, ntchito alibe. Khalani pansi ndikuuzeni amene wamuthetsera."